Apongozi Anga ndi Mendulo ya a Chipewa

Apongozi anga aamuna sasamba madzi otentha. Kaya kuzizire mpaka mano kugundana, iwo amafuna a pampopi omwewo. Nditangokwatiwa ndinkayesa mwano. Ine ndalawirira, ndawononga makala anga, ndawaikira madzi kubafa, iwo n'kukhala pakhonde kudikira kuti azizire kaye. Nditadandaula kwa amuna anga, anangoti, "Khosi ndi mkono wawaona? Ndiye usafunsenso." Khosi ndi mkono wamanzere wa apongozi n'zopsa, khungu lake losalala ngati pepala la pulasitiki. Sindinafunsenso kwa zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo amene amandidziwa akhoza kuchitira umboni kuti kwa ine chimenecho ndi chozizwitsa.

Kuno amawatcha a Nthunzi, moti ana ambiri amaganiza kuti ndi dzina lawo lenileni. Ndi munthu wamfupi, wa matewe, wosakonda zocheza. Analowa ntchito ku fakitale ya sopo ndevu zisanamere, akukankha wilibala ya malasha, ndipo patapita zaka zisanu ndi ziwiri anawapatsa boyila, chithanki chachitsulo chowiritsa madzi kuti nthunzi yake izisungunula mafuta opangira sopo. Kuwerenga amachita kugwiragwira, koma boyila ankaimva ndi khutu. Amuna anga amati ali mwana, bambo awo ankatha kusiya chakudya pakati, n'kutchera khutu cha ku fakitale, n'kunena kuti, "Uyo wathira malasha ambiri." Apo n'kuti ali kunyumba, tsiku lawo lopuma.

Mwini fakitaleyo ankatchedwa a Chipewa, chifukwa palibe amene anaonapo pamutu pawo. Anayamba ndi mgolo umodzi kuseri kwa nyumba, akutakasa sopo ndi mtengo, mpaka anafika polemba anthu mazana atatu. Anamangira antchito nyumba za njerwa zofiira, mizere isanu ndi umodzi, ndi kachipatala pakona. Boma linawapatsa mendulo, msewu wopita ku fakitale linautcha dzina lawo, ndipo pageti panali zilembo zachitsulo zazitali kufika m'chiuno. Sindikunena kuti anali mngelo. Ankaima pagetipo m'mawa kununkhiza anthu m'kamwa, ndipo akakupeza ndi fungo la mowa wa dzulo unkabwerera, kaya ulire chotani. Pakamwa pawo panali polusa. Koma munthu samangidwa chifukwa cholusa pakamwa, kupanda kutero ine bwenzi ndili komweko.

Nkhani yomwe aliyense amaidziwa ndi iyi. M'mawa wina wa mvula, zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo, boyila inaphulika. Anthu anayi anafera pomwepo. Apongozi anapulumuka chifukwa anali pakhomo, akukokera wilibala m'kati kuti malasha asanyowe. Pamwamba pa boyila pamakhala valavu yokhala ndi mkono wachitsulo. Nthunzi ikachuluka, mkonowo umadzuka wokha, nthunzi n'kutuluka ikulira. Tsiku limenelo sunadzuke. Ofufuza atafika anapeza mawaya atakulungidwa pa mkonowo, ndipo kukhoti zinamveka kuti a Chipewa ndiwo analamula kuti valavu imangidwe, moto ukwere, sopo atuluke wambiri. Mboni yaikulu inali apongozi omwewo, munthu wa mabandeji m'khosi, amene anaimirira, n'kulumbira, n'kuvomera kuti inde, bwana anatero.

A Chipewa anawapatsa zaka khumi m'ndende. Mendulo anakaitenga kunyumba kwawo apolisi awiri. Zilembo za pageti anazigwetsa ndi nyundo, msewu n'kuupatsa dzina lina. Fakitale inagwera m'manja mwa akuluakulu ena amene ankaisirira kuyambira kale, ndipo pasanathe zaka zisanu inali itazima. Lero mbali ina amasungiramo matayala, mbali ina muli tchalitchi cha anthu oimba mokweza. A Chipewa anatuluka ataonda ngati ndodo, mutu uli pamtunda, n'kukamwalirira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mchemwali wawo.

Apongozi sanagwirenso ntchito yolembedwa. Anatsegula kabenchi kokonzera njinga pansi pa mtengo, ndipo anakhalapo mpaka maso atayamba kukana. Apongozi aakazi atamwalira tinawatenga kudzakhala nafe. Amuna anga amayendetsa galimoto yaikulu ya katundu, pakhomo amaoneka ngati mlendo, choncho amene amakhala ndi nkhalambayi tsiku ndi tsiku ndine, ndi makina anga osokera pakhonde.

Chaka chatha wailesi inalengeza kuti boma lakhazikitsa komiti younikanso milandu yakale ya anthu amene anamangidwa osalakwa, kuti mayina awo ayeretsedwe. Ine ndinangoti, "Ayamba kufukula manda." Apongozi anadzuka n'kukazimitsa wailesi, yomwe si yawo n'komwe.

Patapita masabata awiri kunabwera mayi wina wa imvi, wovala nsapato zafulati, atakumbatira jumbo yodzaza mapepala. Anafunsa a Nthunzi. Ndinawapatsa mpando, ndipo ine ndinabwerera pa makina koma osapalasa, kuti ndimve bwino.

"Ine ndine mwana wa a Chipewa," anatero mayiwo. "Womaliza. Enawo anapita. Ndinali mphunzitsi, pano ndinapuma. Bambo, sindinabwere kudzakangana nanu, mphamvu zake ndilibe. Ndalemba makalata kwa zaka makumi awiri, osayankhidwa ndi imodzi yomwe. Tsopano akuti akufuna umboni watsopano. Mwa onse amene munali m'chipinda cha boyila, mwatsala ndinu nokha. Bambo anga mpaka tsiku lomwalira ankati sanalamule. Ndikungofuna kudziwa ngati ankanama."

Apongozi anayang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Zakale zimenezo, mayi."

"Ndikudziwa kuti n'zakale. Nanenso ndine wakale."

Aphunzitsiwo analemba nambala ya foni pa kapepala, n'kukatsindika ndi kapu ya tiyi yomwe sanaimwe, n'kutsanzika.

Masiku atatu apongozi ankangogwiragwira chakudya n'kukankha mbale. Tsiku lachinayi masana, ndikusita madiresi a kasitomala, anabwera n'kuima pafupi ngati mwana amene waswa galasi.

"Mayi, ikani kaye simbiyo pansi."

Ndinaika.

"Waya uja ndinapinda ndine."

Sindinamve msanga. Iwo anakhala pa mpando, n'kuyamba kulankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamvapo chikwatiwire.

"Nthawi ya mvula tinkafika titanyowa ngati nkhuku, ndipo ovolosi aliyense anali ndi imodzi. Bwana anatimangira chingwe kuseri, pansi pa denga, koma pachingwe ovolosi imauma mawa. Pa mkono wa valavu, mphindi khumi zokha yauma gwa, yofunda bwino. Poyamba tinkangoponyapo imodzi. Inkaterereka n'kugwera pa malasha. Ndiye ine, wanzeru ine, ndinatenga waya n'kupinda timbedza tisanu, aliyense kake. Anzanga anandiyamika. Ankati Nthunzi ndi injiniya."

"Bwana sankadziwa?"

"Anatipeza kamodzi. Anakalipa mpaka malovu kuuma, n'kuchotsa timbedzato ndi manja ake, n'kulemba mawu oletsa pakhoma ndi penti yofiira. Tinadikira sabata imodzi, ine n'kupindanso tina. Tinkati tikamva nsapato zake tizichotsa. Tsiku lija mvula inali yoopsa. Ovolosi zisanu zodontha madzi, wina anawonjezera jekete, wina thumba lomwe anafunda panjira. Mkono udzuka bwanji ndi katundu wotero? Ndipo mwendo wa ovolosi yanga unaphimba wotchi yoonetsa mphamvu ya nthunzi. Nsalu zinapsa zonse, mayi. Waya sapsa."

"Nanga kukhoti munaneneranji zina?"

"Kuchipatala kunabwera anthu awiri a masuti, pepala atalemba kale. Anati ngati wolakwa ndi bwana, akazi amasiye akhalabe m'nyumba za kampani. Ngati ndife, mawa katundu panja, ndipo ine ndikalowa chifukwa cha mitu inayi. Amuna anuwa anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinadinda chala." Kenako anawonjezera kuti, "Koma musandikometsere. Za amasiye ndinaziganiza pambuyo. Choyamba ndinaopa ndende."

Kenako anandiuza chimene chinkawadya kwambiri. Akuti a Chipewa atatuluka, tsiku lina anadutsa pa benchi ya njinga paja, akuyenda pang'onopang'ono. Apongozi anafuna kubisala, koma kuseri kwa njinga sungabisale. A Chipewa anaima, n'kuwayang'ana, n'kufunsa kuti, "Nthunzi, khosi linapola?" Atayankhidwa kuti linapola, anagwedeza mutu n'kupitiriza ulendo.

Ndisaname, ndinapsa mtima. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyoza munthu wakufa, ndikuuza ana anga kuti agogo anu anapsa chifukwa cha dyera la anthu olemera. Ndakhala ndikuwadulira nyama yofewa nkhalambayi poganiza kuti dziko linawalakwira. Ndinatenga simbi n'kusita diresi limodzi katatu. Koma nditacheuka n'kuwaona atakhala pamenepo, manja ali pakati pa mawondo, chisoni chinandigwira, ndipo ndinakwiyanso chifukwa cha chisonicho.

Amuna anga nditawaimbira foni anati, "Asiye, akalamba, mutu wayamba kusokonekera." Ine ndinati galu wamkota sakandira pachabe. Iwo anati, "Ndiye uwaperekeze wekha, ine ndili pamsewu." Munthu ameneyu nkhani ikangovuta amakhala ali pamsewu.

Ofesi ya komiti inali pa nsanjika yachitatu, ndipo chikepe chinafa kalekale. Tinkakwera masitepe khumi, n'kupuma, khumi ena, n'kupuma. Aphunzitsi tinawapeza atatidikira pa malo opumira achiwiri, ndipo apongozi anawauza zonse pomwepo, ataimirira, akupuma mwawefuwefu, anthu akutidutsa ndi mafayilo. Ndinkayembekezera kulira, kapena mbama, ndipo ndinali nditakonzeka kusalowerera. Aphunzitsi anangoti, "Ndiye sankanama." Anatsegula jumbo yawo, n'kuyang'anamo, n'kuitsekanso. Kenako anati, "Tiyeni, atseka nthawi ya nkhomaliro."

Ulendo woyamba anati mafomu atha. Wachiwiri, wolandira mafomu wapita kumaliro. Wachitatu, fomu ilipo koma ndi ya odandaula, ndipo apongozi si odandaula. Ya munthu wobwera kudzadziulula yekha palibe amene anaiganizira. Mlembi anatiyang'ana ngati tabwera kudzabweza buledi amene tadya kale. Maulendo onsewa tinkakhala pa benchi imodzi tonse atatu, ine pakati. Aphunzitsi sankawalankhula apongozi, koma potsika masitepe ankawagwira chigongono.

Ulendo wachisanu tinaonana ndi loya wa komiti, bambo wadazi, wa maso otopa, koma waulemu. Analemba zonse kwa maola awiri osadula mawu. Pomaliza apongozi anatulutsa kawaya m'thumba, n'kukapinda pa tebulo pomwepo ndi zala zawo: kukulunga katatu, kukhotetsa, kenako kubweza kamchira m'kati. Aphunzitsi anafufuza mu jumbo n'kutulutsa nyuzipepala yakale yofiirira, momwe munali chithunzi cha mawaya amene anaonetsedwa kukhoti. Zinali zofanana ngati mapasa.

"Kamchirako ndinkakabweza kuti kasang'ambe nsalu," anatero apongozi.

Ine ndinalephera kudzigwira. "Mwamva, bwana? Munthu womanga valavu angadere nkhawa za nsalu?"

Loyayo anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Mayi, ine ndakhulupirira. Koma komiti siyendera zimene ine ndakhulupirira. Bambowa analumbira kale zina, lero akulumbira zina. Munthu wotero mawu ake paokha sakwanira. Pafunika mboni yachiwiri, kapena chinthu chogwirika. Mawaya enieniwo ndafunsa kale. Chipinda chosungira katundu wa milandu chinadontha, zonse anataya. Fayilo theka linadyedwa ndi chiswe. Ndipo chithunzichi chinatuluka m'nyuzipepala, wina akhoza kunena kuti mwangoonera."

"Bodza langa analilandira tsiku limodzi," anatero apongozi. "Zoona ndiye zikufuna mboni?"

"Ndi mmene zilili, bambo."

Mboni yachiwiri inalipo imodzi yokha yoti n'kuyesa. Mwa akazi amasiye anayi aja, mmodzi akadali moyo, ndipo amakhala m'nyumba yomweyo ya njerwa zofiira ndi mwana wake wamkazi. Tinapitako Loweruka masana. Anatilandira ndi manja awiri, akuti, "Alamu, mwasochera lero?" Anatipatsa mpando wabwino, nafunsa za mawondo, za maso, za adzukulu mmodzimmodzi. Apongozi anayankha zonse, kenako anakhosomola.

"Alamu, mukukumbukira kuti nthawi ya mvula amuna anu ankabwera ndi ovolosi youma, ya kadontho ka dzimbiri pakolala?"

Nkhope ya mayiwo inasintha pomwepo.

"Ndikukumbukira. Ndinkakachapa ndi mandimu, osachoka."

"Mukanakanena zimenezo ku komiti."

"Ndikanene kuti chiyani?" Sanakweze mawu. "Mukuyesa sitinkadziwa? Tonse anayi tinkadziwa kuyambira tsiku lomwelo. Ndani ankachapa ovolosizo? Koma ana anga akula akudziwa kuti bambo awo anaphedwa ndi bwana. Adzukulu akudziwa choncho. Mukufuna ndikawauze kuti anafera kuyanika chovala? Inu munatsala ndi moyo, alamu. Mwadya, mwakalamba, mwaona adzukulu. Tsopano mwaona kuti dzuwa lapendeka, mukufuna kutula katundu wanu pa manda a anzanu. Senzani nokha." Atatero anatembenukira kwa ine. "Iwe mwana, atenge apongozi akowa."

Ndinawadzutsa apongozi, tinatsanzika, ndipo palibe amene anatiperekeza. Panjira ndinayesa kuwakwiyira mayi aja, koma zinakanika. Ndikanakhala ine, mwina ndikananena zomwezo, ndipo mokweza.

Titafika kunyumba apongozi anandipempha kuti ndiwalembere mayina a onse amene ankagwira ntchito pafupi ndi boyila. Anatchula anthu khumi ndi mmodzi. Ndinayenda, ndinaimba mafoni, ndinafunsa m'matchalitchi. Asanu ndi anayi anamwalira, mmodzi palibe akudziwa kumene anapita, ndipo womaliza ndinamupeza ali pa mphasa, sakuzindikira ngakhale ana ake. Akuluakulu amati mlandu suola. Mwina mlanduwo suoladi, koma mboni zimaola.

Kalata inabwera patapita miyezi inayi. Aphunzitsi anabwera nayo okha, n'kuiwerenga pakhonde ndi mawu a m'kalasi. Komiti inati sinapeze umboni wokwanira wosinthira chigamulo cha khoti. Komabe, poganizira ntchito zabwino zimene malemu anachita, ndi kutalika kwa nthawi, boma lawakhululukira. Mendulo ibwezedwa kwa banja, ndipo msewu utenganso dzina lawo.

"Kuwakhululukira chiyani, poti sanalakwe?" anafunsa apongozi.

"M'mabuku a khoti akhalabe wopha anthu anayi," anatero aphunzitsi. "Kungoti wokhululukidwa."

"Ndiye mukane."

"Bambo, ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu. Ndili ndi shuga, diso limodzi likufa. Komiti ikutseka mwezi wamawa. Akuti ndikakana, fayilo itsekedwa popanda kanthu. Ndikane, kenako ndidikire ndani?" Anapinda kalatayo mosamala. "Ndavomera kale."

Anatulutsanso envelopu ina. Inali yoitanira apongozi ku mwambo wobweza mendulo, monga munthu yekhayo amene anapulumuka.

Ine ndinati tisapite. Apongozi anati tipita. "Kumeneko kukakhala anthu, a nyuzipepala, akuluakulu. Komiti yakana kulemba, koma makutu sangatseke. Ndikanena pamaso pa onse." Sabata yonse ankayeserera pakhonde, chapansipansi, ngati mwana woloweza ndime: "Bwana sanalamule. Waya ndinapinda ndine." Mawu ochepa chonchi, koma ankawabwereza m'mawa ndi masana, mwina poopa kuti akafika pakhosi abwerera. Ndinawafupikitsira manja a jekete la amuna anga. Ndinkadziwa kuti sizisintha kanthu m'mabuku, komabe ndinkafuna kuti anene. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha mwa anthu onsewo apite kwawo akudziwa.

Mwambowo unachitikira pa geti lakale la fakitale. Anaimika tenti, mipando ya pulasitiki, ndi chikwangwani chatsopano cha msewu chitakutidwa ndi nsalu. Anati tifike nthawi ya kumamawa, koma wamkulu wochokera ku boma anafika dzuwa lili paliwombo. Anatikhazika kutsogolo, pafupi ndi aphunzitsi. Mzere wachiwiri ndinaona mayi wamasiye uja ndi ana ake, atavala bwino, osayang'ana kumbali. Panali zolankhula zambiri. Wamkuluyo anayamika sopo wa a Chipewa, nyumba za njerwa, kachipatala, kenako anati munthu aliyense amalakwa, ndipo dziko lokhwima limadziwa kukhululuka. Aphunzitsi ankangoyang'ana jumbo yawo, yomwe anabwera nayo ngakhale tsiku limenelo.

Kenako woyendetsa mwambo, bambo wa mawu okoma ngati wa pa wailesi, anatembenukira kwa ife.

"Pakati pathu pali bambo amene anapsa ndi moto umenewo. Zipsera mukuziona nokha. Ngati pali munthu woyenera kusunga chakukhosi, ndi iwowa. Koma taonani, abwera! Choncho taganiza kuti iwo ndiwo apereke mendulo m'manja mwa mwana wa malemu, kusonyeza kuti ovulala nawonso akhululuka."

Palibe amene anatiuza zimenezi. Anthu anaomba m'manja. Ndinawadzutsa apongozi, n'kuyenda nawo masitepe atatu opita kutsogolo, nditawagwira mkono. Anawaikira kabokosi kakuda m'manja. Aphunzitsi anaima moyang'anana nawo. Woyendetsa mwambo anawaikira maiki pakamwa.

"Ine ndili ndi mawu," anatero apongozi, ndipo mawuwo anamveka mpaka kumatayala. "Bwana sana..."

Aphunzitsi anawagwira padzanja, mwamphamvu, n'kuwerama ngati akuwakumbatira. Analankhula motsitsa, koma ine ndinali pomwepo ndipo ndinamva.

"Bambo, chonde. Mukanena, ati nkhani yasokonekera, abwerera nayo kuti akakambiranenso. Ine sindidzaionanso. Munawalanda kamodzi. Musawalandenso. Ingoperekani."

Apongozi anaima kukamwa kuli yasa. Ndinafuna kukuwa ndekha, kunena ndekha mawu ajawa, popeza nanenso ndinali nditawaloweza. Koma ndinayang'ana nkhope ya aphunzitsi, diso limodzi loyera lija, ndipo ndinakhala chete ngati ena onse.

"Agogo agwidwa ndi chisoni," anatero woyendetsa mwambo. "Tiwathandize ndi m'manja!"

Anthu anaombanso. Apongozi anatambasula manja, aphunzitsi n'kulandira kabokosi. Ojambula anathamangira kutsogolo. Woyendetsa mwambo sanakhutire, anabwezeranso maiki.

"Mawu amodzi okha, agogo, kuti dziko limve. Mwakhululuka?"

Apongozi anayang'ana aphunzitsi. Aphunzitsi anagwedeza mutu pang'ono.

"Ndakhululuka," anatero apongozi.

Sindikumbukira bwino zotsatira. Anavundukula chikwangwani, kunali zakumwa, wamkulu uja anawagwira chanza apongozi ndi manja awiri. Aphunzitsi anaika kabokosi mu jumbo, pamwamba pa mapepala, n'kunyamuka osatsanzika. Sindikuwada. Ndinachita manyazi tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse, ndipo sindikudziwa kuti manyaziwo ndinkachitira ndani.

Pobwerera minibasi inali yodzaza. Bambo wina wa tayi, amene anali ku mwambo kuja, atationa anatsika pa mpando wakutsogolo n'kuwasiyira apongozi. Galimoto itanyamuka anawerama kuchokera kumbuyo, n'kuwagwira paphewa.

"Madala, mwandiphunzitsa lero. Munthu anakuotchani chonchi, inu n'kumukhululukira pagulu. Anthu a mtima ngati wanu atha masiku ano. Ndikawauza ana anga za inu."

Apongozi sanacheuke. Anayankha kuti, "Zikomo."